Kodi phala la ana lidapita kuti sukulu zitatsekedwa?

Mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Glasgow wandilembera kalata ya pa imelo. Akuti iye ndi anzake a kutchalitchi amasonkha ndalama zopita ku bungwe la Mary's Meals, lomwe limadyetsa ana phala m'sukulu, koma mnzawo wina wawagwetsa ulesi ponena kuti m'nthawi ya Covid-19 ndalama zoterezi zidangolowa m'madzi, popeza phala limaphikidwa kusukulu ndipo sukuluzo zidali zotseka. Mayiyu akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso ngati n'koyenera kuti apitirize kusonkha.

Zikomo Mayi chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo sadalakwe pa mfundo yoti ntchito ya bungweli idamangidwa pa sukulu. Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adaliyambitsa m'chaka cha 2002, pamene Malawi adali pa njala yoopsa, ndipo lidayamba ndi ana 200 okha. Pofika nthawi ya mliriwu lidali likudyetsa ana opitirira miliyoni imodzi m'dziko muno. Ganizo lake ndi lakuti mwana amene akadatsala pakhomo chifukwa cha njala, kapena kupita kukagwira ganyu, amadzuka n'kunyamula kapu yake chifukwa akudziwa kuti kusukulu kuli Likuni Phala, lomwe ndi la ufa wa chimanga ndi soya wothiridwa mavitamini. Ophika ake ndi makolo a m'midzi yozungulira, makamaka amayi, amene amalawirira mbandakucha kukasonkha moto popanda malipiro.

Boma lidatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, matendawa asadapezeke n'komwe m'dziko muno, pakuti odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo. Miphika idazimadi, koma ufa sudaolere m'nkhokwe. Bungweli lidagwirizana ndi boma komanso atsogoleri a m'madera kuti makolo azibwera kusukulu, kusamba m'manja, kuima motalikirana, n'kulandira ufa wa phala woti akaphikire ana kunyumba. Nalonso bungwe la United Nations loona za chakudya la World Food Programme lidachita chimodzimodzi m'sukulu zomwe limathandiza. Choncho kunena kuti ndalama zidapita pachabe si zoona.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti zonse zidayenda ngati kale. Kusukulu, kapu ya phala imapita m'mimba mwa mwana amene idamukonzekera. Kunyumba, thumba la ufa limalowa m'banja momwe muli makanda, agogo ndi ana ena amasiye, ndipo palibe mayi amene angadyetse mwana mmodzi ena akuyang'ana. Ineyo sindiona cholakwa pamenepo, chifukwa m'miyezi imeneyo geni idali itafooka ndipo abale ambiri a ku Joni amene ankatumiza thandizo adabwerera pa mabasi ali chimanjamanja. Koma n'zoonekeratu kuti gawo la mwana wa sukuluyo lidachepa.

Vuto lalikulu lidali lakuti phala lidasiyana ndi maphunziro. Unduna wa Zamaphunziro udayesetsa kuulutsa maphunziro pa wailesi, koma mwana wa m'nyumba yopanda wailesi, kapena yomwe mabatire ake amasungidwira nkhani za madzulo, sadapindule kwenikweni. Atsikana ndiwo adavutika koposa. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi imene sukulu zidali zotseka atsikana pafupifupi 13,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 40,000 adalowa m'banja, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino saloleza ukwati kwa munthu wosakwana zaka 18. Thumba la ufa silikadatha kuletsa zimenezi, chifukwa chimene chinkateteza mtsikana chidali kupezeka kwake m'kalasi tsiku ndi tsiku, pamaso pa aphunzitsi ndi amayi a m'magulu oyang'anira atsikana pa sukulu.

Sukulu zidayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala 2020, poyamba kwa olemba mayeso monga a Sitandade 8 ndi Folomu 4, ndipo ena onse adabwerera mu Okutobala, kenaka zidatsekedwanso kwa masabata angapo kumayambiriro kwa 2021 mliri utakula. Apa ndi pamene ndikuona kuti chopereka chanu chidagwira ntchito yake yeniyeni, pakuti mwana amene wakhala pakhomo theka la chaka, wazolowera kugulitsa mandasi kapena kuweta mbuzi, sabwerera m'kalasi chifukwa chakuti belu lalira. Pamafunika chomukoka, ndipo m'mabanja ambiri chomukokacho chidali phala.

Ndiye pitirizani kusonkha, Mayi, koma mnzanuyo musamutsekere pakamwa. Muuzeni awerenge malipoti a pachaka a bungweli, omwe amaikidwa poyera, aone yekha mmene ndalama zimagawidwira. Ngati gulu lanu lingafunenso kuthandiza kabungwe kakang'ono ka kumudzi kwanu, funsani kaye ngati kadalembetsedwa ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, yomwe kale inkatchedwa NGO Board, ndipo funsani mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumeneko ngati amakadziwa. Ngati ndalama zingalole, patulaniko gawo lina lolipirira fizi ya atsikana a ku sekondale amene akufuna kubwerera kusukulu atabereka, chifukwa lamulo la Unduna wa Zamaphunziro limawalola kutero, koma ambiri amalephera kaamba kosowa wowalipirira ndi wowasungira khanda.