Musanalipire wopanga webusaiti, yambani ndi masamu

Mwafunsa ngati muyambe ndi kupangitsa webusaiti yogulitsira malonda pa intaneti kapena kuoda katundu. Zonsezo zidikire kaye. Tengani pepala, pa chinthu chilichonse mulembe mtengo woodera, wolongedzera, wotumizira kwa kasitomala, ndi ndalama imene kampani yolandirira malipiro imadula pa malonda aliwonse. Ambiri amaiwala ziwiri zomalizazi, kenako n'kumadabwa kuti katundu akuyenda koma phindu silikuoneka.

Katundu asachuluke poyamba. Mitundu 10 kapena 15 ndi yokwanira. Chilichonse chikhale ndi nambala yake, zithunzi zitatu zojambulidwa masana kumbuyo kuli koyera, muyeso ndi kulemera kwake. Kulemerako musakunyalanyaze, chifukwa mtengo wotumizira umachokera pamenepo.

Pa webusaitiyo, pali mapulogalamu opangira sitolo ya pa intaneti monga Shopify ndi WooCommerce. Shopify mumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo seva (kompyuta yosungira webusaiti) amasamala okha. WooCommerce ndi yaulere, koma imayenda pa WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti), choncho hosting (malo osungira webusaiti pa intaneti), SSL (yoteteza uthenga wodutsa pakati pa wogula ndi webusaiti) ndi kusamala mapulagini (timapulogalamu toonjezera) ndi mtolo wanu.

Tsopano chimene ndikufuna musachidumphe: musanalengeze, dzigulireni nokha chinthu chimodzi pa foni, osati pa kompyuta, mpaka ndalama ilowe ndipo imelo yotsimikizira ifike. Apa m'pamene zolakwika zimaonekera: batani lolipirira lobisika, zithunzi zikuluzikulu zochedwetsa tsamba, kapena mtengo wotumizira wongotulukira kumapeto penipeni, umene umathawitsa ogula atadzaza kale basiketi. Yesaninso kubweza ndalamayo, ndipo lembani poonekera kuti wogula ali ndi masiku angati obwezera katundu, komanso amene alipire ulendo wobwererawo.