Zidole zakale za ku Japan: ziti zili ndi mtengo, ziti n'zoseweretsa chabe?

Mbiri yoti zidole zakale za ku Japan zikugulidwa ndalama zankhaninkhani pa okushoni za kunja yafika mu Blantyre muno, ndipo ambiri ayamba kusanthula masutikesi a makolo awo. Mwezi uno tikuyankha makalata anayi.

Bambo anga anasiya kaloboti ka malata koyendera mabatire, kolembedwa "Made in Japan" kunsi kwake. Ana anga akuti zoterezi zikugulidwa mamiliyoni. N'zoona, ndipo n'chifukwa chiyani? (Wowerenga wa ku Ndirande)

N'zoona achikulire, koma mitengo imeneyo imagwera zidole zowerengeka. Chotchuka kwambiri ndi Machine Man, loboti yofiira yotalika pafupifupi masentimita 38, imodzi mwa maloboti asanu a kampani ya Masudaya omwe osonkhanitsa zidole amawatcha Gang of Five. Mu 2020 imodzi yokhala ndi katoni yake inagulidwa madola a ku America oposa 150,000 ku Morphy Auctions, m'chigawo cha Pennsylvania. Zinapangidwa zochepa, ndipo zomwe zapulumuka pamodzi ndi makatoni awo n'zochepetsetsa.

Chokweza mitengo n'chakuti katundu woyambirirayu sangapangidwenso, ndipo ambiri anathera m'manja mwa ana, monga momwe anayenera kuthera. Anawo, omwe ankasewera m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970, lero ndi akuluakulu a ndalama zawo. Okushoni nayo inalowa pa intaneti, moti wa ku Tokyo, wa ku London ndi wa ku Hong Kong amalimbirana chidole chimodzi nthawi imodzi. Kugwa kwa yen, ndalama ya ku Japan, yomwe mu 2024 inafika pa 160 pa dola imodzi, kunakokeranso ogula akunja ku misika ya ku Japan, ndipo zabwino zomwe zinatsala m'masitolo zikutha.

Tsono mawu oti "Made in Japan" paokha sanena zambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dzikolo linatumiza zidole za malata mamiliyoni padziko lonse. Funani chizindikiro cha wopanga, kawirikawiri kumsana, kuphazi kapena pachitseko cha mabatire. Zilembo T ndi M zolowana ndi Masudaya. TN ndi Nomura, SH ndi Horikawa, KO ndi Yoshiya, pamene Y wokhala mkati mwa duwa ndi Yonezawa. Mukapeza SH musathamangire kukatenga ngongole: Horikawa anapanga maloboti ochuluka kwa zaka zambiri, ndipo ambiri mwa iwo mtengo wake ndi madola mazana ochepa kapena kucheperapo.

Zaka mungazidziwe motere. "Made in Occupied Japan" ndi cha pakati pa 1947 ndi 1952. Chizindikiro cha ST, chosonyeza kuti chidole n'chosaopsa kwa ana, chinayamba mu 1971, choncho chidole chokhala nacho sichingakhale cha m'ma 1950, kaya wogulitsa alumbire chotani. Pulasitiki akachuluka m'mikono, m'miyendo ndi m'magiya, dziwani kuti n'chaposachedwapa.

Ndimagulitsa zidole za kaunjika mu msika wa Limbe. Ndizisamala ziti ndikamatsegula belo? (Wamalonda wa ku Limbe)

Tinene mosabisa: mabelo ambiri mudzawatsegula osapezamo kanthu, chifukwa katunduyo amasankhidwa asanamangidwe. Komabe kuyang'ana kunsi kwa chidole sikulipiritsa.

Timagalimoto ta Tomica tinayamba mu 1970. Toyambirira tinkabwera m'timakatoni takuda ndipo kunsi kwake kunalembedwa Japan. Tomwe tadzaza lero ndi ta ku China ndi Vietnam. Topangidwa ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 n'tosowa, ndipo osonkhanitsa amatifuna kwambiri. Maloboti olemera achitsulo otchedwa Chogokin, a kampani ya Popy, anayamba mu 1974 ndi Mazinger Z. Awa amakhala ndi nkhonya ndi timizinga toombera, ndipo tizidutswa timeneti tikasowa mtengo umagwa kwambiri, choncho musamasese zotsalira pansi pa belo musanazione. Palinso zilombo za pulasitiki wofewa, monga Godzilla ndi adani a Ultraman, za m'makanema a ku Japan. Yang'anani dzina la wopanga kuphazi: Marusan, yemwe anayamba kuzipanga mu 1966 n'kugwa mu 1968, kapena Bullmark yemwe anatsatira mu 1969.

Zokopera nazo zilipo zambiri. Za malata zopangidwa ku China zimakhala ndi nambala yoyamba ndi MS, ME kapena MF. Ngakhale makampani a ku Japan anabwerezanso kupanga zidole zawo zakale m'zaka zapambuyo, ndipo zina mwa zimenezi zimakhala ndi chaka chatsopano chodindidwa kuphazi. Loboti yonyezimira ngati yatuluka dzulo m'fakitale, yopanda fungo la mafuta akale ndi kadzimbiri komwe m'kati, ikayikireni.

Galimoto ya malata ya apongozi anga yachita dzimbiri, ndipo malo a mabatire mwatuwa ndi zinthu zonga ufa. Bambo a kunyumba akufuna kuipala ndi sandipepala n'kuipentanso kuti ikongole tisanaigulitse. Tiwalole? (Mayi wa ku Chilomoni)

Ayi mayi, auzeni mwaulemu kuti sandipepalayo asunge. Mitundu ya pa zidole zimenezi sinapakidwe ndi burashi. Inadindidwa pa lata lisanapindidwe, ndipo ikachoka palibe mmisiri angaibwezeretse. Wogula amalipira utoto woyambirirawo, zokanda zake zomwe. Zili ngati fodya pa okushoni ya ku Limbe: mtengo umatsata giredi, ndipo chidole chopentedwanso chimatsikira giredi yapansi ngakhale chiziwala bwanji.

Chitani izi. Chotsani mabatire. Ufa woyerawo ndi wa mabatire a alkaline omwe anatayikira. Nyowetsani kathonje kokulunga pa kamtengo ndi viniga woyera, pukutani pa tizitsulo togunda batire tokha, kenako pukutaninso ndi kathonje ka madzi ochepa, n'kuumitsa bwino tsiku lathunthu chitseko chili chotsegula. Ngati anatayikira ndi mabatire otchipa a m'tochi aja, zotsalira zake zimakhala zonyowa ndi zadzimbiri; apo gwiritsani ntchito soda wosungunula m'madzi pang'ono m'malo mwa viniga. Zonse ziwiri zisakhudze utoto wa kunja, ndipo musambe m'manja mukatha.

Kunjako pukutani ndi nsalu yofewa youma basi. Sopo wa ufa, petulo, thinala ndi zotsukira mapoto zonse zimadya utoto. Dzimbiri lomwe lalowa kale lisiyeni. Ntchito yanu ndi kuletsa kuti lisafalikire, ndipo chinsinsi chake ndi kuuma.

Ambiri amaononga pofuna kuona ngati chidole chikuyenda. Mota wa mabatire awiri aakulu amafuna mavolti 3 okha. Chaja ya foni imatulutsa 5, batire la galimoto 12, ndipo zingathe kuotcha mota ndi timababu nthawi yomweyo. Mukaika mabatire oyenera n'kumva kulira koma osayenda, zimitsani msanga: mafuta a m'magiya anauma, kapena kagiya kapulasitiki ka pa mota kanang'aluka. Ngati ndi ya kiyi, zungulizani kawiri kapena katatu kokha, chifukwa sipulingi yadzimbiri imaduka ikamangika kwambiri. Dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa giya lomwe mukuliona n'lokwanira. Musaitsegule. Malatawo anagwirizanitsidwa ndi timakutu tating'ono topinda, ndipo kakhutu kakapindidwa kangapo kamathothoka. Chidole chosayenda koma chosatsegulidwa chimagulika. Choyenda koma chothothoka makutu wogula amachizindikira pa chithunzi pomwe.

Kasungidwe kake n'kofunika kwambiri kuno. Chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni ndiye mdani wa malata, pamene kutentha kwa kudenga mu Okutobala kumafewetsa pulasitiki n'kumusiya akunanda. Ikani m'kabati ya m'kati mwa nyumba, kutali ndi dzuwa ndi khoma lonyowa, mutakulunga ndi pepala loyera lofewa, osati nyuzipepala. Timapaketi ta silica gel tobwera m'makatoni a nsapato tiikeni momwemo. Katoni ya chidolecho, ngakhale itang'ambika kapena mphemvu zitaidya m'mphepete, musaimate ndi selotepi ndipo musaitaye: pa zidole zina katoni yokha imapikisana mtengo ndi chidole chenicheni. Zidzukulu zisaseweretse, utoto wa nthawi imeneyo ungathe kukhala ndi mtovu, ndipo m'mphepete mwa lata mumacheka.

Ndatsimikiza kuti changa ndi Nomura, ndipo katoni ilipo. Ndingachigulitse bwanji ndili kuno? (Wowerenga wa ku Chirimba)

Yambani ndi zithunzi zowala, zojambulidwa pamthunzi masana: mbali zonse zinayi, pamwamba, pansi, chizindikiro cha wopanga, m'malo a mabatire ndi katoni, rula ili pambali. Zilema musabise, chifukwa chidole chikafika zidzaoneka, ndipo adzakutsitsani mtengo katundu ali kale m'manja mwawo.

Pofufuza mtengo, musatengeke ndi womwe ogulitsa akuitanira pa eBay, msika wa pa intaneti. Sankhani kuti muone zomwe zinagulidwadi, kenako yerekezani ndi zotsatira za okushoni zam'mbuyo. Makampani a okushoni amapereka mtengo woyerekeza kuchokera pa zithunzi popanda kulipiritsa. Dziwaninso kuti mitengo yomwe imalengezedwa imaphatikiza gawo lomwe wogula amalipira kampaniyo, kawirikawiri 20 mpaka 25 pa 100 iliyonse, ndipo inunso adzakudulani gawo lanu. Zomwe zidzafike m'thumba mwanu n'zochepera ndithu poyerekeza ndi zomwe munawerenga.

Kutumiza ndi kumene kumapha phindu pa zidole zotsika mtengo. Makampani onyamula katundu pa ndege, monga DHL, amalipiritsa kukula kwa katoni ngati kukuposa kulemera kwake: utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya 40 ndi 30 ndi 30 imawerengedwa makilogalamu 7.2 ngakhale chidolecho chisakwane kilogalamu imodzi. Funsani mtengowo musanavomere malonda. Pomanga, chidole chikulungidwe pachokha, katoni yake pachokhanso, zonse zilowe m'katoni yolimba yomwe ilowenso mu ina, zofewa zili pakati, ndipo mabatire asakhalemo.

Musanatumize, pitani ku banki yanu mukafunse mapepala ofunika potumiza katundu kunja ndi polandira ndalama zakunja, kuti malipiro asakakamire panjira. Kampani yeniyeni ya okushoni imakupatsani pangano lolembedwa, lonena gawo lawo, mtengo wotsikitsitsa womwe mwavomera ndi nthawi yolipira. Wina aliyense wokulemberani pa WhatsApp kuti muyambe mwamutumizira ndalama ya "kalembera" kapena "inshuwalansi" pa foni, musamutumizire chidole kapena tambala.