Mwana akufuna kulemba mabuku a ana, bambo akuti unamwino basi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu amene wakhoza bwino mayeso a MSCE. Iye analeredwa ndi agogo ake aakazi pamene bambo ake anali ku Johannesburg, ndipo akudandaula kuti m'mabuku amene ankawerenga ali mwana, banja linkakhala la bambo, mayi ndi ana awiri m'nyumba imodzi. Akufuna kulemba mabuku oonetsa mabanja a mitundu yonse, koma bambo ake anenetsa kuti fizi imene angalipire ndi ya unamwino yokha. Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka zotsatira zikangotuluka.

Mwanangu, vuto limene waliona ndi lenileni. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mabanja atatu mwa khumi aliwonse m'dziko muno akutsogoleredwa ndi amayi. Kwanu kuli chikamwini, kumene mwini mbumba ndi malume, pamene kumpoto ana amawerengedwa kuchimuna. Pali ana amasiye amene akuleredwa ndi azakhali, ana a pamitala, ndi makomo amene mwana wamkulu ndiye kholo la azing'ono ake. Mwana wa Sitandade 2 akauzidwa kuti ajambule banja lake, kenako n'kuona kuti chithunzi chake cha agogo ndi asuweni sichikufanana ndi cha m'buku, amayamba kuganiza kuti kwawo kuli cholakwika.

Koma usadzinamize kuti kulemba mabuku a ana kudzakudyetsa ukangoyamba. Makolo ambiri akagula yunifolomu ndi makope ndalama imathera pomwepo, ndipo buku la nthano limakhala lomaliza kuganiziridwa. Buku la ana limafunanso zithunzi za mitundu, zimene zimakweza mtengo wosindikizira. Chinanso chandikhumudwitsa m'kalata yako n'chakuti sunatchule nkhani ngakhale imodzi imene unalemba n'kuimaliza. Kufuna kokha sikulemba.

Njira imene ndikuikhulupirira ndi ya uphunzitsi wa ku pulayimale. Funsira malo ku sukulu za aphunzitsi monga ya ku Machinga, ya ku Lilongwe kapena St Joseph's ku Bembeke, imene ili pafupi ndi kwanu. Kumeneko ukaphunzira mmene mwana amayambira kuwerenga, kuchokera pa liwu kufika pa phatikizo ndi chiganizo, ndipo ukadziwa chifukwa chake chiganizo cha mawu khumi ndi asanu chimam'gonjetsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ukakayamba ntchito udzakhala ndi malipiro a pamwezi, ndiponso kalasi yodzaza ndi owerenga osanyengerera, amene nkhani ikawatopetsa amayamba kutsinana pansi pomwepo. Kumbukiranso kuti mabuku a m'sukulu za boma amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo pa ntchitoyo amadalira anthu amene anagwirapo choko. Ngati mapointi ako akulola, maphunziro a ziyankhulo kapena a uphunzitsi ku University of Malawi ku Zomba ndi khomo linanso labwino.

Usadikire digiri kuti uyambe. Pa intaneti pali African Storybook, kumene aliyense angawerenge ndi kulemba nkhani za ana kwaulere, za m'Chichewa zomwe. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union lilipo, ndipo za umwini wa zolemba ukafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso. Nkhani yoyamba ikhale ya mtsikana wokhala ndi agogo ake, ndipo isakhale ya maliro kapena yom'mvera chisoni. Mtsikanayo ataye mbuzi, aifunefune, aipeze, agogowo angokhala kholo la m'nkhanimo.

Tsopano kwa inu bambo. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma wodwala safuna namwino amene analowa m'wodi pothawa mkwiyo wa kholo. Kodi munayamba mwam'funsa mwanayu ngati amapirira kuona magazi? Zaka zimene munali kutali anam'lera ndi ena, ndiye khalani pansi ndi agogo ake ndi amalume ake mumve zimene iwo akudziwa za mwanayu musanagamule nokha.

Ndipo iwe mwanangu, popita kukalankhula ndi bambo ako utenge zinthu ziwiri m'manja: fomu ya ku sukulu ya aphunzitsi yodzaza kale, ndi nkhani imodzi yomalizidwa imene wawerengera ana a m'mudzi mwanu. Ngati anawo anapempha kuti uibwereze, ukawauze bambo zimenezo.