Mikanda ya m'manda a ku Sungir

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: akatswiri ofukula zakale akapeza mikanda yambiri m'manda, kodi ndiye kuti womwalirayo anali mfumu kapena mpondamatiki?

Mayi, funso lanu landikumbutsa manda a ku Sungir, pafupi ndi mzinda wa Vladimir ku Russia, omwe akhala zaka zoposa 30,000. Mu 1964 Otto Bader ndi anzake anafukula mafupa a bambo wina atakutidwa ndi mikanda pafupifupi 3,000 yosemedwa kuchokera ku minyanga ya mammoth, njovu zaubweya zomwe zinatha kalekale. Mikandayo inagona m'mizere pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, kusonyeza kuti inasokereredwa pa zovala zachikopa. Zikopazo zinaola, mikanda n'kutsala pamalo pake. M'mikono anavala makoza.

Mpaka apa, mfumu ikhoza kumveka. Koma mu 1969 anapeza manda ena, a ana awiri a zaka ngati 10 ndi 12, atagonekedwa mitu itagundana, atawazidwa dothi lofiira. Mikanda yawo inaposa 10,000. Wamkuluyo anali ndi lamba wa mano a nkhandwe okwana 250, ndipo pambali pawo panali mikondo ya minyanga yowongoledwa, wina wotalika mamita oposa awiri.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mikanda ya anawa ndi yaing'ono kuyerekeza ndi ya bambo uja. Wina anaisema poganizira thupi la mwana. Katswiri wina, Randall White, anayerekeza kuti mkanda umodzi unkatenga pafupifupi ola lathunthu, kupala ndi kuboola ndi mwala. Aliyense amene anatungirapo mikanda m'chingwe akudziwa mmene maso amawawira, chonsecho yathuyi timagula yoboola kale. Maola masauzande amenewo si a munthu mmodzi ayi.

Ena amati anawa anabadwira m'banja lolemekezeka, popeza mwana wa zaka 10 sangadzipezere yekha ulemu wotero. Ine sindithamangira kumeneko. Mafupa a ntchafu a wamng'onoyo anali aafupi ndi opindika, ndipo m'manda enanso okongoletsedwa a nthawi imeneyo ku Ulaya mwapezeka anthu olumala. Mwina anthuwa ankaona ana otere ngati apadera.

Choncho mayi, musanawerenge mikanda, yambani mwafunsa kuti wagonayo ndi wa zaka zingati, thupi lake linali lotani, ndipo anzake oyandikana naye anaikidwa ndi chiyani.