N'chifukwa chiyani banja la Williams lidagulitsa timu yake ya Formula 1?

Wowerenga wina watilembera imelo kufunsa mafunso atatu. Akufuna kudziwa chomwe chidachititsa banja la Williams kugulitsa timu yomwe bambo wawo adaiyambitsa, ngati Claire Williams, mwana wa woyambitsayo yemwe ankayendetsa timuyi, adachita kuchotsedwa ndi eni atsopano, komanso ngati kugulitsako kwathandiza. Zikomo chifukwa cha mafunsowa. Yankho lake likuyambira pa ndalama, choncho tiyambire pomwepo.

Frank Williams ndi injiniya Patrick Head adakhazikitsa timuyi mu 1977 ku Didcot, ku England, ndipo pambuyo pake idasamukira ku Grove komwe ili mpaka lero. Idatenga chikho cha opanga galimoto kasanu ndi kanayi, cha madalaivala kasanu ndi kawiri, chomaliza chili cha Jacques Villeneuve mu 1997. Frank adapitiriza kutsogolera ali pa njinga ya olumala pambuyo pa ngozi ya pamsewu yomwe adachita ku France mu 1986. Koma Williams idali yosiyana ndi anzake pa chinthu chimodzi chachikulu. Mercedes ndi Ferrari ali ndi makampani ogulitsa galimoto kumbuyo kwawo, Red Bull ili ndi chakumwa chake. Williams bizinesi yake yaikulu idali mpikisano womwewo. Zikavuta pamsewu, kudalibe mwini wolemera woti apise m'thumba.

Ndalama za timu yotere zimachokera njira zitatu: gawo lomwe a Formula 1 amagawira matimu, makampani olipira kuti dzina lawo lilembedwe pagalimoto, ndi madalaivala obwera ndi owalipirira. Gawo la Formula 1 limatsata malo omwe timu idathera chaka chapitacho. Apa ndi pomwe pali msampha. Mukathera kumapeto chaka chino, chaka chamawa mulandira zochepa, mupanga galimoto yofooka, mutheranso kumapeto, ndipo makampani otsatsa malonda ayamba kuchoka chifukwa makamera saonetsa galimoto yomwe ili kumbuyo.

Williams idagwa mumsamphawu mwachangu. Mu 2014 ndi 2015 idathera pa nambala 3 ndi injini za Mercedes. Mu 2018 idathera kumapeto ndi mapointi 7, ndipo Martini, kampani ya zakumwa yomwe dzina lake lidali patsogolo pa timuyi, idachoka kumapeto kwa chakacho. Mu 2019 zidafika poipa. Galimoto sidathe kumangidwa pa nthawi yake, timu idaphonya masiku awiri oyambirira oyesera ku Barcelona, mkulu wa mainjiniya Paddy Lowe adachoka, ndipo chaka chonse adapeza pointi imodzi yokha, ya Robert Kubica ku Germany. Ndalama zolowa za mbali ya Formula 1 zidatsika kuchoka pa mapaundi pafupifupi 130 miliyoni kufika pa 95 miliyoni, ndipo kampani yonse idaluza mapaundi 13 miliyoni.

Banjali silidathamangire kugulitsa. Mu Disembala 2019 adagulitsa masheya ambiri a Williams Advanced Engineering, nthambi yomwe inkapanga mabatire ndi ntchito zina za uinjiniya, ku kampani ya EMK Capital. Kumayambiriro kwa 2020 adatenga ngongole yatsopano, mbali ina kuchokera kwa Michael Latifi, bambo wa dalaivala wawo Nicholas Latifi, ndipo chikole chake chidaphatikizapo malo a fakitale ndi magalimoto akale opambana zikho. Munthu akafika poyika chikole pa zinthu ngati zimenezo, ndiye kuti zogulitsa zina zatha. Nthawi yomweyo Covid-19 idaimitsa mipikisano mpaka Julaye, mgwirizano ndi ROKiT, kampani yomwe inkalipira kuti dzina lake likhale patsogolo pa timu, udatha, ndipo pa 29 Meyi 2020 kampani idalengeza kuti ikufuna wogula kapena woika ndalama.

Chomwe ambiri sachiona ndi nthawi yomwe malondawo adachitika. M'sabata yomweyo ya Ogasiti 2020, matimu onse khumi adasaina Concorde Agreement yatsopano, mgwirizano wa pakati pa matimu ndi oyendetsa Formula 1, ya 2021 mpaka 2025. Mgwirizanowu udagawa ndalama mwachilungamo kuposa kale, ndipo udaika lamulo loti timu yatsopano yofuna kulowa ilipire madola 200 miliyoni ogawana matimu omwe alipo. Pambali pake padali malire a ndalama zomwe timu ingagwiritse ntchito pachaka: madola 145 miliyoni mu 2021, kenako 140 miliyoni, kenako 135 miliyoni. Kwa wogula, izi zidasintha zonse. Asadaike malirewo, matimu akuluakulu ankawononga ndalama kuposa pawiri za Williams, ndipo palibe akadadziwa kuti dzenjelo ndi lakuya bwanji. Pa 21 Ogasiti, Dorilton Capital, kampani ya ku New York yoika ndalama m'mabizinesi, idagula timuyi pa mayuro 152 miliyoni, ndalama zomwe zidayenera kubwezanso ngongole eni masheya asadagawane zotsala. Dzina la Williams lidasungidwa, mayina a magalimoto akuyambabe ndi FW, ndipo fakitale idakhalabe ku Grove.

Kodi mtengowo udali wabwino? Poyang'ana mmene mitengo ya matimu yakwerera kuchokera nthawiyo, adagulitsa motchipa kwambiri. Koma ine sindingawadzudzule. Anthu mazanamazana ankadalira malipiro a pamwezi, ndipo banjali lidalibe ndalama zodikirira zaka zitatu kuti mitengo ikwere.

Tsopano za Claire. Iye adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa timu mu 2013, ndipo ngakhale udindo waukulu udali m'dzina la bambo ake, ntchito ya tsiku ndi tsiku ankaiyendetsa ndi iyeyo. Pa 3 Seputembala 2020 kudalengezedwa kuti banjali lichoka ukatha mpikisano wa ku Monza pa 6 Seputembala. Claire adanena yekha kuti a Dorilton adamupempha kuti apitirize koma adasankha kuchoka. Choncho kunena kuti adathamangitsidwa n'kulakwa. Ndipo chisankhocho n'chomveka. Mwana wa mwini yemwe wakhala akulamula, akasanduka wolembedwa ntchito m'nyumba yomweyo, ogwira ntchito sadziwa woti amumvere, ndipo chilichonse chomwe eni atsopano angasinthe chimaoneka ngati akutsutsa banja. Bodi yatsopano idalowa ndi Matthew Savage ngati wapampando. Frank adamwalira mu Novembala 2021 ali ndi zaka 79.

Funso lachitatu ndi lomwe lili ndi nkhani yambiri, chifukwa ndalama zokha sizidakonze zinthu. Simon Roberts adagwirizira udindo poyamba. Jost Capito, yemwe adapambana zikho za rally ndi Volkswagen, adabwera mu 2021 ndipo pakati pa chakacho adatenga utsogoleri wonse. Timu idasiyanso mwambo umodzi womwe Williams inkanyadira, wodzipangira giyabokosi, ndipo kuyambira 2022 idayamba kugula kwa Mercedes. Zimenezi zidali zanzeru, chifukwa giyabokosi imadya ndalama ndi anthu ambiri koma sipatsa liwiro loposa la anzako. Mu 2021 adathera pa nambala 8, George Russell atapeza malo achiwiri pa mpikisano wa mvula ku Spa. Mu 2022 adabwereranso kumapeto ndi mapointi 8, ndipo mu Disembala Capito adachoka.

James Vowles, yemwe ankakonza mapulani a mpikisano ku Mercedes, adayamba ntchito yotsogolera timu mu Febuluwale 2023, ndipo ndi iye adaulula kukula kwa vuto. Galimoto ya Formula 1 ili ndi zipangizo pafupifupi 20,000, ndipo ku Grove zonsezi ankazilondola pa fayilo imodzi ya Excel. Fayiloyo sinkasonyeza kuti chipangizo chili pati, chitenga nthawi yaitali bwanji kupanga, kapena chadya ndalama zingati. Munthu ankachita kuyendayenda m'fakitale kufunafuna chitsulo chomwe papepala chikuoneka kuti chilipo. Zotsatira zake n'zoti zipangizo zimachedwa, zina zimapangidwa mothamanga n'kutuluka zolemera kuposa mmene adazijambulira, ndipo kulemera kulikonse kumadya nthawi pa kuzungulira kulikonse. Uku ndiye kudali kulipira zaka zomwe banjali linkaika ndalama zonse pa galimoto ya chaka chimenecho, makina ndi makompyuta a m'fakitale n'kumakalamba.

Vutoli lidaonekera poyera ku Australia mu Malichi 2024. Alex Albon adawombetsa galimoto poyeserera Lachisanu, chasisi, chomwe ndi thupi lenileni la galimoto, idawonongeka, ndipo timu idalibe ina yapadera chifukwa fakitale idachedwa kuimaliza. Vowles adalanda galimoto ya Logan Sargeant, yemwe sadalakwe kanthu, n'kuipereka kwa Albon chifukwa ndi amene akadatha kupeza mapointi. Zidali zowawa kuziona, patatha zaka zoposa zitatu chigulitsireni timu.

Pali chopinga china. Malamulo omwewo omwe adakopa Dorilton adaikanso malire pa ndalama zogulira makina ndi kumanga nyumba. Ndiye kuti ngakhale mwini adali ndi ndalama, sakadatha kugula nthawi imodzi zonse zomwe Mercedes idagula kale malire asadabwere. Vowles adalimbana nazo mpaka mu 2023 matimu anayi akumunsi adaloledwa kuwonjezera madola 20 miliyoni pa gawo limeneli.

Zipatso zayamba kuoneka pang'onopang'ono. Pat Fry adabwera kudzatsogolera mainjiniya kumapeto kwa 2023. Carlos Sainz, atachoka ku Ferrari, adasankha Williams, kampani ya mapulogalamu a kompyuta ya Atlassian idaika dzina lake patsogolo pa timu, ndipo mu 2025 Sainz adakwera pa nsanja ya opambana ku Baku, timu n'kuthera pa nambala 5. Kupambana mpikisano weniweni sikudabwerebe pofika kumapeto kwa chakacho. Womaliza adali Pastor Maldonado ku Spain mu 2012. Mukafuna kuyeza ngati utsogoleri watsopano ukugwira, musangoyang'ana mapointi. Onani ngati galimoto ikufika pa tsiku loyamba loyesera ili yomalizidwa, ngati kulemera kwake kuli pa mlingo wotsikitsitsa womwe malamulo amalola, komanso ngati chasisi yachitatu ili m'bokosi pa mpikisano woyamba.