Ndodo ya mwana wa ku Chilomoni sinaname

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Mwana wawo wa Sitandade 6 anawerenga pa intaneti kuti masana mthunzi umaloza kumpoto, koma atazika ndodo pabwalo mwezi wa Juni, mthunziwo unagwera kummwera. Akufunsa kuti walakwa ndani, komanso sola yomwe agula aiyang'anitse mbali iti.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa zoterezi ndinaziona ndi maso ndili kupulayimale ku Ndirande. Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yojambula mtengo ndi mthunzi wake wa masana. Mnzanga wina anatuluka, nakayang'ana mtengo wa mango womwe unali kuseri kwa kalasi, n'kujambula zimene anaona. Anamuthetha ndi cholembera chofiira pamaso pa tonse chifukwa chithunzi chake chinasiyana ndi cha m'buku. Mnyamatayo analira, ndipo sanafunsenso funso m'kalasi chaka chonsecho. Mtengowo unali pomwepo, kungosuzumira pawindo basi! Mpaka lero zimandiwawa.

Chikhalirecho kunyumba tinkazidziwa kale zimenezi. Usiku tikayatsa koloboyi tinkapanga akalulu ndi zala pakhoma. Ukasunthira nyali kumanzere, kalulu amathawira kumanja. Ukaitsitsa pansi, amakwera mpaka kudenga. Lamulo lonse ndi lomwelo: kuwala kumayenda molunjika, chinthu chikakutchinga, mthunzi umagwera mbali yosiyana ndi kumene kuwalako kukuchokera. M'mawa dzuwa lili kum'mawa, mthunzi umatalikira kumadzulo, ndipo madzulo umatembenuka. Agogo anga sanapite kusukulu, koma nyengo yozizira ankayanika ufa pamphasa kumpoto kwa nyumba. Khoma la kummwera linkakhala lozizira, ndipo chiperoni chikagwa linkachedwa kuuma.

Iwo ankaona chimene sayansi imafotokoza. Blantyre ili madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa ikweta, ndipo dziko lapansi ndi lopendekeka madigiri 23.4. Cha pa 21 Juni dzuwa limakhala pamutu pa anthu a ku Tropic of Cancer, mzere wa kumpoto kwa ikweta, ndiye ife timaliona kumpoto, litakwera madigiri 51 okha. Ndodo ya mita imodzi imaponya mthunzi wa masentimita pafupifupi 80 kuloza kummwera. Zimene anawerenga mwana wanu n'zoona ku London kapena ku New York, kumene dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse. Kuno ayi. Ndipo ndinene mosabisa: kuphunzitsa mwana wa ku Malawi dzuwa la ku Ulaya ngati kuti ndi lake ndi ulesi. Ndodo ndi choko sizidula. Mphunzitsi amene satulutsa ana panja pa phunziro limeneli akuwalanda chinthu chawo.

Ifetu tili ndi mwayi umene a ku London sadzauona. Kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa limafika paliwombo penipeni, ndipo ndodo yoongoka imasowa mthunzi. Pakati pa masiku awiriwa dzuwa limakhala litatipitirira kummwera, choncho mu Disembala mthunzi wa ndodo ija umaloza kumpoto, koma ndi waufupi, masentimita 13 basi. Musadikire 12 koloko. Wotchi yathu imatsata mzere wa pamapu wa longichudi 30, pomwe Blantyre ili pa 35, kum'mawa kwa mzerewo, kumene dzuwa limayambira kufika, ndiye mu Novembala dzuwa limafika pamutu cha m'ma 11:25.

Mthunzi womwewu ndi umene katswiri wa Chigiriki Eratosthenes anayezera kukula kwa dziko cha m'ma 240 BC, poyerekeza wa ku Alexandria ndi wa ku Syene, kumene lero amati Aswan. Ife timanga nyumba osauyang'ana n'komwe. Tayendani ku Machinjiri kapena ku Bangwe muone mawindo akuluakulu oyang'ana kumadzulo. Mu Okutobala chipinda chimakhala ngati uvuni, eni ake n'kumadandaula malata. Mtengo umene ukanatchinga dzuwa la madzulolo anaudula pokumba maziko, monga tinametera phiri la Ndirande. Amisiri ambiri amangoyang'ana kumene kuli msewu, mwini nyumba naye amangovomera.

Za sola yanu

Iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 15 mpaka 20. Muonetsetse kuti mtengo kapena khoma la anansi kumpotoko silikuiphimba mu Juni ndi Julayi, pakuti mthunzi ukagwira kachigawo kochepa chabe, mphamvu imatsika kwambiri. Kuti mupeze kumpoto, mwanayo azikenso ndodo yake mu Juni kapena Julayi, alembe pamene pathera mthunzi mphindi 15 zilizonse kuyambira 11 koloko. Mthunzi waufupi kuposa yonse ndiwo mzere wa kummwera, ndipo kumpoto ndi kumbuyo kwake. Mumuuze anditumizire chithunzi cha zimene apeze.