Kodi foni ingamuwerengere mwana wanga manotsi?

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Mwana wake wa Fomu 3 amamva msanga ukamufotokozera pakamwa, koma akagwira buku zilembo zimamusokonekera, b amamuona ngati d, ndime imodzi mpaka thukuta. Akufunsa ngati foni ingathe kumamuwerengera manotsi amene aphunzitsi amaponya pa gulu la WhatsApp.

Ingathe mayi, ndipo musavutike n'kugula ina. Ngati ndi ya Android, lowani mu Settings, kenako Accessibility, muyatse Select to Speak. Mwana akaloza ndime, foni imayamba kulankhula. Koma TalkBack musaiyatse. Imeneyo anapangira anthu osaona ndipo imasintha kagwiridwe konse ka foni. Ine nditaiyatsa mwangozi tsiku lina ndili mu minibasi ya ku Limbe, foni inangoyamba kubwebweta, anthu n'kumandiseka, ine osadziwa pozimitsira. Pa kompyuta, Word ili ndi Read Aloud. Palinso NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zimene zili pa kompyuta, ya ku Australia, yomwe inayamba mu 2006.

Vuto lenileni lili pa manotsiwo. Ambiri amene amayenda pa WhatsApp si zolemba ayi, ndi zithunzi. Munthu wajambula pepala la fotokope, mwina lopindika, chala chake chikuonekera m'mphepete, n'kulisandutsa PDF. Kwa inu ndi mawu, kwa pulogalamu ndi chithunzi basi. Muyese chonchi: dinikizani chala pa liwu limodzi. Likasankhika, zili bwino. Likapanda kutero, tsegulani tsambalo ndi Google Lens kuti itolemo mawu kaye, ngakhale pa fotokope yofufutika kapena zolemba pamanja imaphonya kwambiri. Kunena zoona, chachidule n'kupita kusukulu kukapempha aphunzitsi kuti azitumiza fayilo ya Word imene analemberamo. Siziwatengera ngakhale mphindi, kungoti ambiri palibe anawauzapo.

Biology ndi History aziyenda bwino poti n'Chingerezi. Chichewa ndiye mutu umakula. Liwu la pulogalamu lowerenga Chingerezi likakumana ndi "ng'ombe" kapena "kutchalitchi" mungaganize kuti foni yaledzera. Pa NVDA ine ndimasankha liwu la Chiswahili la eSpeak, kapulogalamu kotulutsa mawu kamene kamabwera ndi NVDA. Silikoma m'khutu, ndipo "th" wa mu "thandizo" limamutchula molakwika, koma mavawelo limawakhoza moti nkhani imamveka.

Liwiro mulichepetse poyamba, mumugulire timahedifoni, ndipo azitsatira ndi maso pamene foni ikuwerenga, asamangomvera ngati wailesi. Mawu a pulogalamuyo muwapangiretu dawunilodi pamene pali Wi-Fi kuti bandulo isamathe.

Pomaliza, m'chipinda cha mayeso a MSCE foni silowa. Pitani kwa ahedi chaka chino, osadikira Fomu 4, mukawauze za vutoli kuti adziwe zoti alembere ku MANEB nthawi yolembetsa mayina ikafika.